Dzanja la a Jogalafe

Linali Lachisanu la mwezi wa June, cha m'ma 2 koloko masana, pamene foni yanga inalira. Ndinali pakati pa matumba a feteleza ku Makata, komwe ndimagwira ntchito yosunga katundu. Woyimbayo anali mnzanga amene tinkakhalira desiki limodzi ku sekondale. Masiku ano amayendetsa takisi ku Limbe, ndipo anali atangotuluka kumene mu mzikiti.

"Achimwene, mwamva za a Jogalafe?"

"Amwalira?"

"Ayi, musawaphe. Ndi sitiroko. Ali kunyumba kwawo ku Nkolokosa. Dzulo ndinanyamula akazi awo kuchokera kumsika, ndi amene andiuza. Mukaweruka mundidikire pageti."

Kusukulu kwathu aphunzitsi tinkawatchula ndi phunziro lawo. Panali a Masamu, amene ankalowa m'kalasi akuwerengera kale m'mwamba ndi chala. Panali a Bayoloje, mayi wamfupi amene tsiku lina anabwera ndi mtima wa mbuzi wa kubutchala kuti tiugwire ndi manja athu. A Chingerezi ankawerenga ndakatulo atatsinzina, ife n'kumaponyerana mapepala. Ena mwa iwo maina awo enieni ndinaiwala. Phunziro lokha ndi limene linatsala.

A Jogalafe anali bambo wamtali, wosaseka kawirikawiri. Ankajambula mapu a Malawi pabolodi osayang'ana m'buku, osachotsa choko pabolodipo: kuyambira ku Chitipa, kutsika mpaka ku Nsanje, n'kukwereranso mbali inayo, mzere n'kukumana pamene unayambira. Sankakwapula munthu. Koma cholakwika chosiyidwa pabolodi sankachipirira. Ankati maso akachiona kawiri, chimakhazikika m'mutu. Ngakhale akungodutsa pawindo la kalasi ya eni, akaona mtsinje wolowera kolakwika ankagogoda, kulowa, kukonza, n'kutuluka osalankhula.

Madzulo amenewo kunali chiperoni. Tinafika ku Nkolokosa magetsi a galimoto ali oyaka ngakhale kunali kusanade. Amayi, akazi a aphunzitsi, anatichingamira pageti ndipo anatiimika pomwepo kuti abambo asamve.

"Ana anga, musakhumudwe akapanda kukuyankhani," anatero. "Lilime likuwavuta, ndiye anangosiya kulankhula. Koma chondidetsa nkhawa ndi dzanja lamanja. A kuchipatala anati likhoza kutsitsimuka akamalichititsa mafizo tsiku ndi tsiku. Akalisiya, zala zipindika, liumiratu. Anawapatsa kampira koti azifinya. Iwo amakakankhira pansi pa mpando. Dzanjalo amalibisa m'bulangete, ngakhale ine safuna ndilione."

Tinawapeza pakhonde, pampando wa ndalema, atavala chipewa chaubweya, bulangete lili m'miyendo. Anali atachepa thupi. Patsogolo pawo panali katebulo kathabwa, pali kapu ya tiyi wozizira. Tinawapatsa moni titawerama. Anatiyang'ana, anagwedeza mutu pang'ono, n'kubwezera maso kumsewu.

Ine sindine wolankhulalankhula. Mnzangayo ndi amene anadzaza khonde lonse. Anafotokoza za maenje a mumsewu wa ku Bangwe, za mapasenjala amene amasanza m'galimoto, za a Masamu amene anawaona akugulitsa nkhuku ku Chirimba. Aphunzitsi sanasunthe.

"Sala, uyu mukumukumbukira?" anatero akundiloza. "Wofatsa uja wa pafupi ndi windo. Mayeso anu anakhoza, koma ine mpaka lero ndimati unali mwayi chabe. Mumuuze ajambule mapu muone."

"Iwe unalephera," ndinamuyankha.

"Ine Malawi ndimamudziwa ndi matayala. Jambulani, achimwene, tione."

M'thumba la jekete langa simusowa choko, chifukwa kuntchito timalembera milu ya matumba. Ndinachitulutsa mongoseka. Amayi anachotsa kapu ija patebulo, n'kupukuta ndi chitenje.

"Lembani pomwepa," anatero. "Ndipukuta."

Ndinagwada, mawondo akulira. Kuyambira pamene ndinachoka kusukulu ndinali ndisanajambulepo mapu. Ndinayesetsa ndithu, sindinafune kuchita manyazi pamaso pawo. Kumpoto kunatuluka ngati chinangwa. Nyanja ndinaiika bwino. Nditafika kummwera, ndinachoka pa nyanja ya Chilwa n'kutsetsereka mowongoka mpaka ku Nsanje. Kenako ndinayamba kuikamo mapiri, ndipo nditalemba Mulanje ndinaona kuti wagwera kunja kwa mzere.

Mnzangayo anaomba m'manja.

"Eee! Amayi, taonani! Phiri lathu la Mulanje walipereka kwa amalume ake ku Mozambiki!"

Ankadziwa kuti agogo anga anachokera kumeneko, anawoloka malire kudzathyola tiyi. Wakhala akundiseka nazo kuyambira tili anyamata. Amayi anaseka mpaka kugwira chipilala cha khonde.

"Ayi."

Mawuwo anatuluka olemera, ngati a munthu amene wangodzuka kumene. Tonse tinatembenuka. Aphunzitsi anali atasiya kuyang'ana kumsewu. Maso awo anali patebulo, chala cha dzanja lamanzere chikuloza pamene panali Mulanje.

"Pepani, sala, ndikonza," ndinatero.

Ndinafufuta ndi chikhatho, n'kukhotetsa mzerewo. Ulendo uno ndinapitirira, ndinameza dera lalikulu la eni ake.

"Tsopano akubweza ndi chiwongoladzanja," anatero mnzangayo.

"Ayi! Ayi!" Aphunzitsi anamenya mkono wa mpando. Anatambasula dzanja lamanzere kuti ndiwapatse choko, monga momwe ankachitira m'kalasi ukalakwitsa pabolodi.

Ndinatsala pang'ono kuwapatsa. Koma amayi, amene anaima kumbuyo kwa mpando, anandipukusira mutu pang'onopang'ono. Ndinamva. Ndinatenga chokocho n'kuchiika pabulangete, mbali ya kumanja, pamwamba pa dzanja lobisika lija. Kenako ndinakankhira tebulo pafupi ndi mawondo awo, n'kubwerera m'mbuyo.

Anandiyang'ana ndi diso lomwe lija la kale. Ndinayang'ana pansi, koma choko sindinachisunthe. Akanatha kuchitola ndi lamanzere, palibe akanawaletsa. Anayang'ana choko, n'kuyang'ananso mapu. Mwina ankadziwa kuti dzanja lamanzere silinajambulepo Malawi, lingangowonjezera cholakwika china.

Bulangete linagwedezeka. Dzanja linatuluka. Linali lowonda, lotuwa, zala zitayamba kupindikira mkati. Analinyamula ndi linzake n'kuliika patebulo. Anayesa kutsina choko, chinagwa. Ndinachitola n'kuchibwezera pomwepo. Chinagwanso. Amayi anatembenukira kumsewu, nsonga ya chitenje ili kumaso.

Mapeto ake anachilowetsa pakati pa zala pogwiritsa ntchito dzanja lamanzere, n'kulisiya lamanjalo lokha. Mzere unayamba pa Chilwa. Unkanjenjemera, unkaduka, iwo n'kubwerera pamene wadukira. Unazungulira phiri mbali ya kummawa, n'kukhotera kumadzulo kukakumana ndi Shire. Kunkazizira, koma thukuta linkatsika m'chipewa. Sunali mzere wa kale uja. Koma unadutsa malo ake enieni.

Anagogoda ndi choko pamene mzere unakhotera.

"Ru-o," anatero.

"Mtsinje wa Ruo, sala. Ndi umene uli malire pamenepo. Ndinaiwala."

Anagwedeza mutu. Kenako anakankhira choko kwa ine ndi kuseri kwa zala.

"Bwe-re-za."

Ndinafufuta kummwera konse n'kuyambiranso. Anandikonzanso pa Nsanje, pamene ndinafupikitsa mchira wa dziko. Apa choko sichinagwe. Atamaliza anatsamira kumpando, atatopa, koma dzanja sanalibwezere m'bulangete. Linatsala patebulo, zala zili mbuu ndi choko. Amayi anabwera ndi kansalu konyowa kuti awapukute. Anawalola.

Potiperekeza kugeti, amayi anandigwira mkono.

"Mwana wanga, muzibwera. Muzidzalakwitsa choncho."

"Pa kulakwitsa musade nkhawa, amayi," anatero mnzangayo. "Ameneyu ndi katswiri. Sabata yamawa apereka Zomba."

Pobwerera, titafika pa Kamba, mnzangayo anaimika galimoto pambali pa msewu, akuti galasi lachita nthunzi, ndipo anatenga nthawi kulipukuta.

M'mawa mwake linali Loweruka, sindinkagwira ntchito. Ndinalawirira ku Limbe, kwa akalipentala amene amakhoma timabolodi ta sukulu za mkaka. Ndinasankha kopepuka, koti munthu n'kukaika pamiyendo ali pampando, ndipo ndinapempha kuti apale m'mbali kuti kasabaye. Ndinagulanso bokosi la choko, chachikulu chija chosavuta kugwira. Ndinakhala pa benchi ya kalipentalayo n'kujambula mtsinje wa Shire ndi mitsinje yothiramo, momwe ndinkakumbukirira, osafunsa munthu. Kenako ndinakulunga kabolodiko m'pepala kuti mawawa asafufute, n'kukakwera minibasi ya ku Nkolokosa.