Moto wa akamwini

Ena mwa inu munamva kale nkhaniyi itathiridwa mchere wambiri, makamaka inu amene timakumana kumapemphero a Amalawi kuno ku Nairobi, ndiye ndati ndiifotokoze ndekha mmene inachitikiradi. Palibe chimene ndawonjezera, Mulungu ndi mboni. Sinditchula dzina la munthu, koma odziwa adziwa, ndipo wochita manyazi achite.

Amuna anga ndi munthu wophunzira, izi sindingakane, ndipo ngakhale nditafuna kuiwala iwo sangandilole. Amagwira ntchito kubungwe lina lalikulu la maiko ambiri, ndipo ntchito yawo, musaseke, ndi yophunzitsa amayi akumudzi kuopsa kwa utsi wa m'khitchini. Akwera ndege kosawerengeka kukauza amayi osauka kuti utsi umapha. Atawakweza paudindo anati fulati yathu ya ku Ruaka siikugwirizananso ndi msinkhu wawo, choncho tinasamukira m'nyumba yakale ya nthawi ya atsamunda, kufupi ndi komboni ya Kawangware koma kumbali ya mitengo ndi mipanda italiitali. Chimene chinawakopa m'nyumbamo si madzi kapena denga labwino ayi, koma malo osonkhapo moto pabalaza, okhala ndi chumuni cha njerwa, kuti nawonso aziotha moto atapingasa miyendo ngati mzungu.

Tisanalowe, mwini nyumba anatumiza fundi, ndiye kuti mmisiri, bambo wachikulire wa ku Kawangware, kuti akonze zofunika kukonza. Bamboyo anakwera padenga, anasuzumira m'chumuni ndi tochi, ndipo atatsika anatiuza kuti mkati mwake munatheratu. Anati matope ogwira njerwa anayoyoka kalekale, ndipo pakufunika kulowetsamo paipi yachitsulo kuyambira pamwamba mpaka pansi tisanayatsepo moto. Anatisonyezanso mng'alu pakhoma la chipinda cha alendo, chimene chinagundana msana ndi chumunicho. Amuna anga anamvetsera atapinda manja, akumwetulira mmene amachitira munthu wosapita kusukulu akamalankhula. Fundi atachoka anandiuza kuti mafundi onse a mu Nairobi ndi akathyali, amakupangira matenda kuti akugulitse mankhwala, ndipo ngati pali munthu wodziwa za utsi pakhomo pano, munthuyo ndi iwo. M'mawa mwake anagula penti napaka okha pamng'alu paja, kenako anakankhirapo kabati ya zovala. Ine ndinaona zonsezi koma ndinawalekerera, chifukwa nanenso ukazi wa katswiri unali utandikoma.

Mu Julaye chaka chimenecho tinaitanitsa amayi anga kuchokera kwathu ku Chikwawa kuti adzawachotse ng'ala m'diso. Inu mukudziwa kuzizira kwa Nairobi mwezi umenewo, dzuwa osaoneka sabata yathunthu, ndiye taganizani za munthu wa kuchigwa amene sanagonepo ndi mabulangete awiri chibadwire. Komanso amayi ndi munthu wakale. Sakhala pamalo amodzi ndi mkamwini, sadya iye akuona, ndipo akakumana pakhonde amapatuka n'kuyang'ana kukhoma. Amuna anga zimenezi zinkawasangalatsa kwambiri, moti ankanyadira kwa anzawo a kuofesi kuti kwathu chikhalidwe chidakalipo. Iwo akangokhala pabalaza, amayi ankalowa m'chipinda cha alendo chija n'kutseka chitseko.

Mkati mwa sabata zinalibe vuto, chifukwa bambo ankafika mochedwa ndipo moto sunkayatsidwa. Koma Loweruka ndi Lamlungu moto unkayaka kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sanali wa nkhuni, poti nkhuni zimanunkhitsa masuti, koma wa makala, odzaza mulu, chifukwa akatswiri anati makala alibe utsi. Tsono maola onse amene moto unkayaka anali maola omwewo amene amayi ankakhala atadzitsekera kuseri kwa khoma lija.

Anayamba kudandaula mutu. Kenako chizungulire, nseru, ndi kufooka kwa miyendo, koma likafika Lachiwiri ali gwa, akusesa pabwalo ndi kukangana ndi ine za mmene ndimaphikira therere. Tinakapimitsa malungo, sanapezeke. Diso nalo dokotala anati likupola bwino. Ine mwa nzeru zanga ndinati ndi chisanu, ndiye ndinatenga zitenje zakutha n'kutseka mipata yonse ya pawindo, mpaka kabowo kolowera mpweya pamwamba pa chitseko. Ndi manja angawa.

Nditapereka nkhaniyi kumapemphero, amayi ena anayang'anana. Pambuyo pake mmodzi, munthu wamadigiri awiri, anandikokera pambali n'kundifunsa ngati sindikuona kuti amayi amadwala pokhapokha bambo ali pakhomo, ndiponso kuti kodi kukwezedwa kuja kunabwera liti. Anati anthu amakhwima, ndipo m'maofesi akuluakulu muno mipando sikhalidwa chabe. Mukuganiza kuti ndinamukalipira? Ndinapita kunyumba n'kukafwanthula masutikesi onse a amuna anga kufunafuna zithumwa. Ndinapeza masokosi akuda ndi timabuku tophunzitsira za utsi. Tonsefe, ndi masukulu athu onse, tinali titaona bwinobwino kuti matendawa amatsata bambo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa chimene bambowo amachita akakhala pakhomo.

Loweruka lachinayi kunabwera alendo, anzawo atatu a kuntchito, ndipo moto unasonkhedwa wadzaoneni kuti aone mmene tikukhalira. Amayi analowa m'chipinda chisanakwane chakudya cha masana, ndipo ine ndinatanganidwa ndi kuwotcha nyama. Cha m'ma folo koloko ndinawatengera tiyi. Ndinagogoda, zii. Ndinaitana, zii. Nditakankha chitseko chinakana kutseguka chonse, ndipo nditasuzumira ndinaona kuti chimene chikutchinga ndi thupi lawo.

Anali atagwa chafufumimba pakati pa bedi ndi chitseko, atasanza, dzanja litaloza ku chogwirira chitseko. Nditawatembenuza, maso anali otseguka pang'ono koma osaona kanthu, ndipo ankapuma motalikiratalikira ngati munthu amene watopa nako kupumako. M'chipindamo munali mofunda, mwaukhondo, mopanda utsi ngakhale pang'ono. Ndili chigwadire choncho ndikuwagwedeza, mutu wanga unayamba kugunda, ndipo makoma anayamba kupendama. Mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo. Ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti amayi a kumapemphero aja ananena zoona, kuti m'chipindamo muli chinthu, ndipo chathana ndi amayi, tsopano chagwira ine.

Ndinakuwa. Amuna anga anathamanga, koma atafika pakhomo la chipindacho anaima. Inde, anaima, akupotokola zala, poti m'chipinda cha apongozi salowamo ndipo apongozi sagwidwa. Anali mmodzi mwa alendo aja, mayi wa ku Kenya konkuno, amene anawakankhira kumbali, nagwira amayi m'khwapa, ine miyendo, mpaka tinawatulutsira pa kapinga.

Kuchipatala, amayi atawaika pa mpweya wowathandiza kupuma, dokotala wachitsikana anatifunsa chimene timayatsa m'nyumba. Asanamalize n'komwe funsolo, amuna anga anatchula dzina la mpweya wina wakupha m'Chingerezi, momveka bwino, nayamba kufotokoza kuti suoneka, sununkha, ndipo makala ndi amene amautulutsa kwambiri. Ankaudziwa bwino kuposa dokotalayo. Ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ndipo kunena zoona ulemu umene unachoka tsiku limenelo sunabwerere wonse.

Lolemba ndinapita ndekha ku Kawangware kukamufunafuna fundi uja, ndipo ndinabwera naye kunyumba. Sananyoze, sananene kuti ndinakuuzani. Anakwera padenga, anatseka kukamwa kwa chumuni ndi chiguduli chonyowa, natsika n'kuyatsa masamba aawisi pamalo a moto paja. Kenako anandiuza kuti ndikaime m'chipinda cha amayi. Sipanathe mphindi ziwiri, utsi woyera unayamba kufuka kuseri kwa kabati, m'mphepete mwa siling'i, mpaka pa soketi ya magetsi imene inali kumutu kwa bedi. Titasuntha kabati, penti ya akatswiri ija inali itatukusira n'kung'ambika motsata mng'alu. Ntchito yokonza chumunicho inamutengera fundi masiku awiri okha. Anapala mwaye, anatsitsa paipi yachitsulo kuchokera padenga, anaimanga pansi ndi pamwamba, anatsira zotchinga kutentha m'mbali mwake, namata khoma ndi simenti. Atayesanso ndi masamba aja, utsi wonse unatulukira kumwamba. Amuna anga masiku awiriwo anali ndi misonkhano yofunika kwambiri.

Amayi anatsitsimuka, koma chimene chinandipweteka kuposa zonse anandiuza tikulongedza katundu wawo. Ndinawafunsa ngati sankamva chilichonse m'chipindamo, ndipo anandiyankha akupinda chitenje, osandiyang'ana.

"Ndinkadziwa kuti ndi makala, mwanawe. Khoma linkatentha, ndipo mutu wa mbaula ndimaudziwa. Koma nyumba ndi yawo, diso andichiritsa ndi iwo. Ndikananena bwanji kuti moto wa akamwini ukundidwalitsa?"

Lero amuna anga nkhaniyi amaifotokoza m'mawekishopu, poyamba penipeni, monga phunziro limene iwo anatulukira, ndipo anthu amawomba m'manja. Za penti satchula. Amayi a kumapemphero aja nawonso amati ndi mapemphero awo amene anaulula chinsinsi. Ine chimene ndikukhulupirira n'chakuti m'chipinda muja munalibe mfiti kapena chiwanda. Munali mng'alu, ndipo kunja kwake kunali anthu ophunzira amene ankaona kuti kumvera mmisiri wa ku Kawangware n'kudzitsitsa, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo.

Tsono inu amene mukulowa m'nyumba zakalezi chifukwa chokopeka ndi malo a moto pabalaza, musayatsepo kanthu fundi asanakwere padenga ndi kuyesa chumuni ndi utsi inu mukuona, ndipo akati chikufunika paipi, ikani paipi. Musatseke mabowo a mpweya ngakhale kuzizire motani. Ndipo ngati mukusunga kholo m'nyumba ya mkamwini kapena ya mtengwa, likamati lili bwino musakhutire, lowani m'chipindamo mukhale nalo, chifukwa anthu amenewa akhoza kufa mwaulemu osakuuzani kanthu. Amayi anga anabwerera ku Chikwawa ndi maso oona bwino, koma mutu sunabwerere mwakale. Amaiwala poto pamoto, amasochera pochokera kutchalitchi, ndipo ndikawaimbira foni amandifunsa funso limodzi katatu. Amafuna kudziwa ngati akamwini sanakhumudwe kuti anawasokonezera alendo tsiku lija.