Mapedulo a malume andithamangitsira ku Bwanje

A makaniko a galaja ija ili kuseri kwa msika pa boma la Ntcheu, dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa nokha. Chifukwa cha inu, mawa m'mawa ndikupalasa njinga kupita ku Bwanje kukawinga mbalame m'munda wa mpunga. Ine, mwana wa Folomu 3, goloboyi wa timu yonse ya kwathu. Mwasangalala?

Amene simukuidziwa nkhaniyi, imvani. Malume anga anabwera ndi pikiapu kuchokera ku Joni, ya otomatiki, yaikulu ngati nyumba. Malumewo ndi afupi. Sindikunyoza, ndi chilengedwe. Komanso Joni inawayanja, mimba inatsogola. Akakankhira mpando kutsogolo kuti miyendo ifike, mimba imapana chiwongolero. Akaubweza m'mbuyo, miyendo imalendewera. N'chifukwa chake anasankha galimoto imeneyi. Pambali pa chiwongolero pali kabatani, ukakadina, mapedulo, ndiye kuti buleki ndi chopondera moto, zimayenda zokha kubwera pamene pali mapazi ako. Ukadina mbali inayo zimathawa. Kwa munthu wamfupi ndi chinthu chabwino zedi, ndikuvomera. Koma chinthu choterocho n'kuchisiya pamaso pa ine?

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi ku Nzama, malume anandipatsa kiyi kuti ndikatsitse mawindo mphepo ilowe. Amayi a kwaya anali atakwera kale kumbuyo, akudikira lifiti. Ndinadina kabatani kaja mpaka mapedulo anakabisala kumapeto kwenikweni. Malume anabwera ndi suti yawo, akupereka moni uku ndi uku ngati a phungu. Anakhala. Analiza injini. Mwendo unayamba kusakasaka buleki, n'kumangopalasa mphepo. Anatsetsereka pampando pang'onopang'ono mpaka pawindo pankangooneka chipewa chokha. Galimoto ya otomatiki giya silowa usanaponde buleki, ndiye inangoima pomwepo ikulira. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Achimwene, mwafupikanso?"

Anthu inu, ndinaseka mpaka kukhala pansi. Mpaka lero nthiti zikuwawa.

Maganizo anga anali oti ndidinanso, zonse zibwerera m'malo, mwina ndilandira khofi limodzi, nkhani yatha. Ndinadina. Kamota kamene kamakoka mapedulo kanati nyiii, kenako zii. Ndinadinanso. Zii. Tsono ndifunse, kabatani anakaikira chiyani ngati sikafuna kudinidwa?

Malume sakalipa, ndiye kuopsa kwawoko. Anangoti, "Yami, galimotoyi ikapanda kuchira pofika tsiku lotsekera sukulu, ukakhala sabata yathunthu kumunda kwanga ku Bwanje. Mpheta zikufuna munthu wokonda kuseka." Ndinayang'ana amayi anga. Iwo anati, "Malume ako anena. Ine ndilibe mawu."

Mukukudziwa ku Bwanje? Dzuwa la kumeneko limakuwotcha ngati uli nalo mlandu. Udzudzu wake sumva kuwomba m'manja. Ntchito yake ndi kuimirira m'matope, kumenya chitini ndi kukuwa tsiku lonse, anzanga ali kumtunda kuno akusewera bonanza ya mpira ya holide opanda goloboyi.

Mnansi wathu wina wamtali anatiyendetsera galimotoyo mpaka ku galaja Lolemba cha m'ma 4 koloko madzulo. A makaniko anatuluka, munthu wamtali ngati bulugamu. Malume atafotokoza, iwo anati, "Izi? Izi ndi zamasewera, abwana. Tazikonza zambirimbiri. Lachitatu mudzaitenge." Analowa, anadina batani molimba mtima. Windo linatsika. Anadina lina. Galasi loonera kumbuyo linapindika. Kenako anandikodola n'kundinong'oneza kuti, "Aise, kameneko kali pati?"

Zambirimbirizo munazikonzera kuti, bwana? Kumaloto?

Malume anati popeza mlandu ndi wanga, woyendera galimotoyo ndikhala ine, panjinga, ndikaweruka kusukulu. Lachitatu ndinapita. Akuti vuto ndi fyuzi. Ndinapeza atazula mafyuzi onse, atawaika m'mbale ngati mtedza. Pobwezera anasokoneza. Wailesi inafa, mapedulo ali pomwe paja. Sabata yotsatira akuti ayi, kamota kanapsa, aitanitsa kena ku Joni pa basi. Nditapitanso, akuti basi yachedwa pa boda. Nditapitanso, akuti kafika koma anthu a ku Joni atumiza ka windo. Ndinapempha kuti ndikaone kolakwikako. Akuti akabweza kale. Ndinapempha kuti ndione kathu kakale kaja. Akuti, "Iwe mwana, unabwera kudzaphunzira umakaniko?"

Ndiye imvani izi. Loweruka amayi anandituma tomato pa Nsipe. Ndili mkati monenerera, ndinangoona pikiapu yaima m'mbali mwa msewu, kabichi atadzaza mpaka pamwamba. Nambala ndi ya malume. Pa chiwongolero pali a makaniko, mkono uli pawindo, akudya chimanga chootcha.

"Bwana, iyi si galimoto ya malume?"

"Tili pa tesiti, mphwanga."

"Tesiti ya kabichi?"

"Galimoto timaiyesa ndi katundu. Ndipo ndikuuze, iyi ilibe vuto. Ine ndikuponda bwinobwino. Vuto ndi miyendo ya malume ako."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndapita. Mapedulo anafera pamalo pamene miyendo ya a makaniko imafika ndendende. Awakonzerenji? Munthu wapeza galimoto yaulere ya saizi yake.

Ndinafuna kujambula, foni inali itazima. Ndinathamanga kunyumba, tomato ndinamuiwala pomwepo. Ndinawafotokozera malume zonse ndikupumira m'mwamba. Iwo anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Si iwe unandiuza chaka chatha kuti abambo mfumu akundiitana mwachangu, ine n'kuvala suti, kukafika uko iwo sakudziwa kanthu?"

"Ija inali nthabwala, malume. Izi ndi zoona."

"Tsiku lijanso unanena choncho."

Ndinalumbira. Ndinatchula ngakhale azimayi ogulitsa amene anaona. Amayi anangofunsa kuti tomato ali kuti. Kunena zoona kamodzi m'moyo, n'kusowa wokukhulupirira. Zimawawa, anthu inu.

Dzulo tinatsekera sukulu. Masana a makaniko anaimba foni kuti galimoto yatheka. Ndinavina pakhomo. Titafika, anatsegula chitseko monyadira. Pa buleki ndi pa chopondera moto anamangirirapo timatabwa tiwiri ndi malegeni. Anatipakanso penti yakuda kuti tizioneka ngati ta kufakitale. Penti yake inali isanaume n'komwe.

"Izi ndiye zosafa, abwana," anatero. "Zamagetsi zija n'za azungu."

Malume anayang'ana kwa nthawi yaitali, koma anakwera. Anaponda, giya inalowa, galimoto inayamba kuyenda. Mtima wanga unati bwerera, Bwanje yalephereka. Atafika pageti anaponda buleki. Thabwa linatembenukira m'mbali. Galimoto inapitirira mwaulemu wake mpaka kukagunda mulu wa matayala akale. Palibe anavulala. Malume anatsika, nsapato ili penti yokhayokha. Anatembenukira kwa ine n'kuti, "Kakonze chikwama."

A makaniko anati tiisiye kaye aionenso. Ndipo malume anavomera! Kiyi ali nayenso yemwe uja. Msika wa kabichi ukubwera, inu mukudziwa kale.

Tsono bwana, ndiyankheni pano pomwe anthu akuona. Kamota kathu kali kuti? Ku Joni munaitanitsadi, kapena Joni yake ndi Nsipe? Mafuta a malume amene mwathera pa kabichi, adzawabweza ndani? Ndipo thabwa likanatembenuka malume akutsika mtsetse wa ku Bwanje atanyamula anthu, mukanati ndi tesiti?

Inu afupi amene mukusirira mapikiapu a mapedulo oyendawa, ndi okoma akamagwira ntchito. Akafa, kuno palibe wowadzutsa. Ndipo mukamasankha makaniko, muziyamba mwamuyeza msinkhu. Wamtali musamusiyire kiyi.

Usiku wathawu amayi anati ndikapepese, mwina malume angandichotsereko masiku. Ndinapita. Ndinagwada bwinobwino, nkhope yachisoni, mawu nditawakonza kale. Malume anali pampando wawo waukulu wa pabalaza. Ndinaweramitsa mutu mwaulemu, maso n'kugwera pa mapazi awo. Sankafika pansi.

Ndinayesetsa, anthu inu. Ndinaluma mlomo. Kuseka kunatulukira m'mphuno.

Tsopano si sabata imodzinso. Ndi holide yonse.