Chigafa cha Amphaka

Chaka chimene ndinaleka kulima fodya, chigafa changa chinangokhala chopanda ntchito. Msana unali utakana, ndipo mitengo ya ku okushoni inali itandifoola. Nzeru yosunga amphaka inachokera kwa namwino wina wa paboma amene ankanditsuka bala la pamwendo. Ankadandaula kuti akamapita kwawo kutchuthi amasowa womusiyira mphaka wake, ndipo aphunzitsi ndi a m'maofesi ochokera kutali anali ndi vuto lomwelo.

Ndinatchinga chigafa ndi waya wa nkhuku, n'kugawa tizipinda ndi nsungwi. Chikwangwani ndinalemba ndekha. Sukulu ya kwacha ndinailowa imvi zitamera kale, ndiye ndinkafuna kuti zilembo zanga zioneke pamsewu. Anthu a m'mudzi ankaima n'kumaseka kuti mkamwini watsegula resitihausi ya achona. Ena ankanong'ona za ufiti. Ena ankati munthu amene ankazunza matenanti ali kapitawo pa esiteti, lero akuyalira mphaka pogona. Amenewa sindinkawayankha, pakuti sankanama.

Koma amphaka ankabwera, ena m'mabasiketi, ena m'makatoni pa kabaza. Wa namwino uja anali woyera, wa khutu limodzi lakuda. Ankadya bonya wosakaniza ndi phala ndipo ankagona pa chitenje chakechake. Mayiyo analibe mwana, ndipo pondisiyira ankamusisita kumutu nthawi yaitali, wa kabaza akudikira.

Zinali zaka za makuponi. Feteleza wotsika mtengo atalowa m'minda, nkhokwe zinadzaza, makoswe nawo anaswana. Kuseka kuja kunatha, anthu anayamba kubwera kudzabwereka. Kwathu kuno khasu, mtondo, njinga, ngakhale tambala, zonse zimabwerekedwa, ndipo wokana amadzichotsa yekha pa ubale. Ine ndinkakana.

Tsiku lina anabwera alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, amene ndi eni mbumba pamudzi pano.

"Alamu, amphaka angoti phwii m'chigafamu, kudya bonya ngati mabwana, kwanga chimanga chikutha. Ndibwerekeni mmodzi."

"Si anga, alamu. Eni ake anachita kundisungitsa."

"Nanga malo mwamangapo chigafawa ndi anu?"

Iwo anaseka, nanyamuka.

Loweruka ndinapita paboma kukagula bonya. Pobwera ndinapeza kachipinda ka mphaka woyera uja kali pululu. Mayi akunyumba anati sakanatha kuwakaniza achimwene awo kawiri, ndipo alamuwo abweza mphakayo Lolemba. Ndinathamangira komweko ndi mwendo wanga wodwalawo. Chimene alamuwo sanafunse n'chakuti akazi awo anali atathira kale mankhwala a makoswe m'gaga, kunsi kwa nkhokwe. Mphakayo tinamupeza pomwepo ali gone, thovu kukamwa, khoswe wodyedwa theka pambali pake.

Alamu sanakane mlandu. M'mawa mwake anapalasa njinga mpaka ku Kaomba, nabwera ndi thumba likuphiriphitha. M'katimo munali mphaka woyera, wamkulu.

"Mbuzi yobwereka ikafa timabweza mbuzi," anatero. "Uyu ndi wonenepa kuposa uja. Ndalipa."

"Uja anali ndi khutu lakuda."

"Khutu? Mwaye ulipo kukhitchini, mpakeni. Mphaka ndi mphaka, alamu, musatitopetse."

Pamudzi ponse anagwirizana nawo. Anati alamu achita zaulemu, wovuta ndi ine.

Namwino anafika tchuthi chitatha, basiketi ili m'manja, atagulanso kabelu koti amumangirire m'khosi. Ndinamuuza zonse tili chiimire pakhomo la chigafa. Sanakalipe. Anasuzumira mphaka wachilendoyo, amene anamutulutsira mano. Kenako anatola chitenje chija, nachikung'untha, n'kuchipinda bwinobwino.

"Agogo, ndinati mundisungire," anatero. Anakwera kabaza yemweyo n'kubwerera.

Paboma anthu a ntchito amadziwana onse. Amene anali ndi amphaka kwanga anadzawatenga sabata yomweyo, ndipo tchuthi chotsatira sikunabwere ngakhale katoni imodzi. Ndinkasesabe tizipinda tija m'mawa uliwonse mpaka mvula inagwa, nsungwi n'kuyamba kufumbwa.

Chikwangwani changa mayi akunyumba anachisandutsa chitseko cha khola la nkhuku, zilembo zitaloza m'kati. Alamu mpaka lero amauza anthu pamaliro ndi pamowa kuti iwo ndi munthu wobweza za eni. Mphaka wa ku Kaomba uja anakhalira pano. Amadya bonya kwanga, akakhuta amapita yekha kukagwira makoswe ku nkhokwe ya alamu.