Mayi Bwerezani, Mphunzitsi wa Pakhonde

Abale ndi alongo mumpingo, bambo mfumu andipempha kuti ndilembe za mayi amene tinawaika m'manda mwezi wathawu. Ambiri munkawadziwa ndi dzina loti Mayi Bwerezani, lomwe ana asukulu anawapatsa chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo. Ine ndinaphunzitsa nawo limodzi zaka khumi ndi zinayi, ndipo zina zimene ndilembe pano zikundichititsa manyazi.

Bambo awo anali telala, mayi awo ankasesa m'tchalitchi Loweruka lililonse. Mayi Bwerezaniwo anachedwa kudziwa kuwerenga. Anabwereza sitandade yachiwiri kawiri, mpaka mphunzitsi wina anawauza pamaso pa anzawo kuti ndi wouma mutu. Amene anawaphunzitsa zilembo ndi mkulu wawo, pogwiritsa ntchito buku la nyimbo zamumpingo. Atakula n'kukhala mphunzitsi, anapempha okha sitandade yoyamba, kalasi imene aliyense ankaithawa: ana oposa zana, mabenchi khumi ndi awiri, ndi bolodi lotuwa loti choko sichinkaonekapo bwino. Amuna awo anamwalira mwana womaliza ali kumsana, koma m'mawa uliwonse ankayamba adutsa kutchalitchi, kenako kusukulu, belu lisanalire.

Chiyeso chachikulu chinabwera ndi ahedi ena, munthu wokonda mbiri yabwino kuposa ana. Tsiku lina anatisonkhanitsa muofesi.

"Mawa kukubwera oyendera sukulu," anatero ahediwo. "Ana onse osadziwa kuwerenga muwauze kuti mawa asabwere."

Tonse tinayang'ana pansi. Mayi Bwerezani okha ndi amene anakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Pepani bambo, ine sinditha. Ndikawabisa mawa, mkuja adzadzuka akuwerenga?"

"Mayi, mukufuna kundiphunzitsa ntchito?"

"Iyayi bambo. Koma anawa si zinyalala zoti tizizikankhira kuseri kwa chitseko alendo akamabwera."

Mawa lake ana aja anawakhazika mzere wakutsogolo. Oyenderawo analemba kuti kalasi yawo ndiyo yotsalira pasukulu yonse, ife obisa ana n'kutiyamikira. Ahedi anawalanda chipinda n'kuchisandutsa mosungira mabenchi othyoka, ndipo mayiwa anaphunzitsira pakhonde zaka zitatu, dzuwa ndi mphepo zili pa iwo. Mvula ikabwera ankakumbatira mabuku a ana pachifuwa, iwo n'kumanyowa msana. Ndinawafunsa tsiku lina kuti bwanji osakadandaula kwa akuluakulu.

"Mwanawe, ndine wotopa kale," anandiyankha. "Timphamvu tatsalati nditigawenso pawiri?"

Imvi zitamera, anawasankha kukhala ahedi pasukulu yomweyo. Anaipeza itafooka. Aphunzitsi tinkafika nthawi imene tafuna, kulemba zinthu pabolodi, n'kukakhala muofesi kumacheza. Ine ndinali mmodzi wa iwo. Mayiwa sankakalipa. Akaona kalasi ilibe mphunzitsi, ankangolowamo n'kuyamba kuphunzitsa.

M'mawa wina ndinafika dzuwa litakwera, ndinawapeza akuphunzitsa ana anga masamu ogawa. Anandipatsa choko ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, tafika pa funso lachinayi. Pitirizani."

Anatuluka mwakachetechete, ana onse maso ali pa ine. Bola akanandikalipira. Kuyambira tsiku limenelo sindinachedwenso.

Sindinama kuti onse tinasintha. Awiri anapempha kusamuka, akunena kuti sangagwire ntchito ndi "a Woyera". Sukulu yathu sinakhalepo yoyamba pamayeso. Koma mwana wotsalira ankadziwika ndi dzina, ndipo ahedi ankamuitana okha masana n'kukhala naye pansi ndi buku. Pofika Lachisanu mawu awo ankakhala atasasa, miyendo itatupa, ndipo ankakwera masitepe atatu a ofesi akupumira pa lililonse.

Atapuma pantchito maso anayamba kuchita mdima, komabe Lachinayi lililonse ankaphunzitsa amayi achikulire amumpingo kuwerenga, kuti azitha kutsegula okha Baibulo. Ankati, "Mulungu anatilembera kalata, si bwino azitiwerengera ena."

Atagona pamphasa ndi matenda, ndinapita kukawaona pamodzi ndi bambo mfumu. Atalandira masakramenti, kolona ili m'manja, mayiwa anati:

"Bambo, pali ana amene anachoka m'manja mwanga osadziwa kulemba dzina lawo. Ndimawatchula m'pemphero, koma ena mayina ndawaiwala."

"Amayi, Mwini wake sanawaiwale," anayankha bambo mfumu.

"Ndiye ndipumeko tsopano."

Anatisiya m'mawa wa tsiku lotsatira, mwana wawo wamkazi akuwapukuta kumaso, osabuula ngakhale pang'ono.

Ambuye awapatse mpumulo umene sanaupeze pansi pano. Ndipo ife amene tatsala ndi ana a eni ake m'manja, tisadzanene kuti panalibe wotisonyeza.