Odi kwa Mbawala ya Pachulu

Amuna anga ali ndi chizolowezi chimene alenje anzawo amawaseka nacho: saponya mkondo asanaodire. Akaona nyama m'dambo la Bua amayamba kaye anena "Odi", ati nayo imve, iyese mwayi wake. Anatengera kwa malume awo. Ine ndinkati imeneyi ndi misala, chifukwa mbawala zambiri zapulumukira pa odi ameneyu, ife n'kugonera nkhwani.

Chaka chimene Bua anasefukira koopsa, dambo lonse linamira. Bango, tsekera, njira za nchenzi, zonse pansi pa madzi, ndi mpunga wathu womwe. Nyama zotsala zinaunjikana pa ziulu, anthu n'kumangopita ndi mabwato ndi zibonga kukatola ngati mango. M'nyumba mwathu munali ana atatu ndi kondoole wotsalira pansi pa thumba.

Tinapalasa bwato awiri, ine ndi amuna anga, kukaona ngati munda unatsalako. Panalibe chilichonse. Pobwerera tinapeza mbawala yaikazi pachulu, madzi akufika m'mawondo, ikunjenjemera, ili ndi bere, mimba ili tantha. Mtima wanga unati Mulungu watikumbukira. Ndinawapatsira mkondo ndi manja awiri.

Anaimirira, n'kuodira monga mwa masiku onse. Mbawala inangotiyang'ana. Ikanathawira kuti?

"Mayi, iyi sinayankhe," anatero, akubweza mkondo m'bwato. "Siili pakwawo."

Ndinawanyoza, sindibisa. Ndinawafunsa ngati ana adya ulemu umenewo. Iwo anavula malaya, n'kuiphimba mbawalayo kumaso, n'kuimanga miyendo ndi chingwe cha bwato. Inawakankha ndi chiboda mpaka kuwang'amba mkono, magazi chuchuchu, koma anaikweza ndithu. Ndipo wopalasa mpaka kumtunda, kumbali ya nkhalango, ndinali ine ndemwe, ndikulalata njira yonse. Ataimasula inadzandira pang'ono, kenako inalowa m'thengo.

Kunena zoona, pamene ankasamba bala lija m'madzi amatope, ndinawayang'ana ngati sindinawaonepo. Munthu wanjala ngati ine ndemwe, munda wake wapita, malo ake osakako apita, koma osalola kuti madzi amusakire. Ndinawanyadira, ngakhale mkwiyo unali usanathe.

Kumudzi tinapeza fungo la nyama yootcha khomo lililonse. Ana anatithamangira, maso ali m'bwato. Bambo awo anaweramitsa mutu, akufunafuna mawu. Ndinayankha ine asanatsegule pakamwa.

"Sitinaone kanthu. Katengeni nkhwani."