Chitenje cha Amayi

Sukulu ndinasiyira mu giredi seveni, nditakankha mphunzitsi amene ananyoza amayi anga. Kuyambira pamenepo kwathu ku komboni ya Kanyama ankandidziwa kuti ndine wa mtima wapachala. Ndinkasenza matumba a simenti, amayi akuwotcha chimanga pa mbaula m'mbali mwa msewu.

Mbaula yomweyo ndi imene inawagwera pa ntchafu, m'zaka za chipani chimodzi zija. Ndinawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala cha boma.

M'chipindamo munali bedi limodzi ndi ophunzira unamwino asanu ndi mmodzi, anyamata awiri ndi atsikana anayi, aliyense kabuku kali m'manja. Mphunzitsi wawo sanapereke moni. Anangokweza chitenje cha amayi mpaka m'chiuno, n'kuyamba Chingerezi akuloza chilonda ndi cholembera. Ine ndinali chiimire pomwepo, nditagwira nsapato zawo. Kwathu mwana wamwamuna saona ntchafu ya mayi ake. Ndinayang'ana kukhoma, amayi anayang'ana kudenga.

Anawamanga bandeji n'kuwauza kuti azibwera pakapita masiku atatu. Sanabwerereko.

"Mankhwala ni yao, sinikana," ankatero amayi. "Koma thupi ni langa. Siningaende kukasendewa monga mbuzi."

Patatha sabata mwendo unatupa, chilonda chinayamba kununkha, ndipo kusowa kwa mankhwala kunaonekera poyera: kupita kuchimbudzi ankachita kugwira khoma. Ndinaona kuti mwendowo utha kupita.

Ndinanyamuka ndekha, mawu achipongwe nditawakonzeratu m'njira. Pa pompi ya kuchipatala ndinapeza mmodzi wa atsikana aja, wamfupi, akutsuka timbale tachitsulo. Anandizindikira.

"Imwe, si ndimwe munabwela na bamai ba chilonda cha moto? Bali kuti?"

Ndinamukalipira. Ndinatchula ntchafu, cholembera, anyamata aja, ndi zina zimene sindingalembe. Anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Mwasiliza?" anafunsa. "Olo nikutapileni manzi mupitilize?"

Iye anatseka pompi.

"Mu kilasi banatiphunzitsa kuti wodwala uyamba wamupempha ukalibe kumugwila, ndipo angakane. Ninalemba na mu mayeso, ninakhoza. Koma tsiku lija ninangoimilila na kabuku kanga. Babweletseni mailo, nizakamba na baticha."

Ine sindinkadziwa kuti munthu angakane kanthu kuchipatala cha boma. Masiku amenewo ngakhale pakhomo la msika ankafunsa khadi la chipani, ndipo tinazolowera kuti wovala yunifolomu safunsidwa.

Nditawafotokozera kunyumba, amayi anavomera monyinyirika, mwina chifukwa cha ululu. M'mawa mwake tinapeza ophunzira onse alipo, mphunzitsi uja ali kumbuyo atapinda manja. Mtsikanayo anagwada pafupi ndi bedi, n'kuwomba m'manja pang'ono.

"Bamai, ise ndise bana ba sukulu. Tifuna kuona chilonda kuti tiphunzile. Mungalole? Olo mukane, chilonda tizatsuka ndithu."

Amayi anawayang'ana mmodzimmodzi, ngati mmene ankasankhira chimanga chowotcha.

"Iwe, na uja wa maso yakulu. Banyamata panja." Kenako anatembenukira kwa ine. "Na iwe wamene. Siya nsapato apo."

Tinatuluka, chitseko chinatsekedwa. Pa benchi yapanja ndinakhala pakati pa anyamata awiri aja. Wina anatsegula kabuku kake n'kukatsekanso.

"Manje ise tizaphunzila bwanji?" anadandaula.

Mtima unayamba kukwera monga mwa masiku onse, koma kudzera pa chitseko ndinamva amayi akufunsa mtsikana uja kuti kwawo n'kuti.

"Mukapemphe," ndinatero.

Amayi anapitiriza kupitako mpaka chilonda chinapola. Ndinkawasiya pakhomo n'kukhala pa benchi yomweyo. Mtsikana uja anandiuza kuti chitenje amayi ankakweza okha, kufika pamene akufuna.