Mlandu wa Chidule ndi nkhuku ya Abiti Saidi

Ndikukumbukira tsiku limene galu wathu anazengedwa mlandu pakhomo pathu ku Malemia. Ine nthawi imeneyo ndinali ku pulayimale, msinkhu wongoyamba kutumidwa kuchigayo ndekha. Galuyo dzina lake anali Chidule, chifukwa mchira wake unali kachitsa chabe, moti akasangalala ankagwedeza matako onse. Anali wofiirira ngati dothi la katondo, nthiti zoonekera ngakhale adye bwanji, khutu limodzi loimirira, lina logwa. Kwa anthu anali wofatsa mochititsa manyazi. Mlendo akafika, ankauwa kamodzi ngati akupereka moni, kenako n'kugona chagada kuti amukande pamimba. Abambo, amene ankagwira ntchito muofesi ku koleji, ankati tikuweta galu woti akuba atabwera angawathandize kunyamula katundu.

Koma kanthu kakang'ono kakangoti tswatswa m'masamba ouma, Chidule ankasanduka wina. Thupi lonse linkauma gwa, maso tong'o, kenako liwiro. Mbewa, abuluzi, agulo a pamtengo wa mango, onsewa ankamudziwa bwino. Ankagwira pakhosi, kupukusa, basi zatha. Nthawi zambiri sankadya n'komwe. Tsiku lina anapha kanyimbi kuseri kwa bafa, ndipo fungo limene anabwera nalo linatichotsa tonse pakhonde. Amayi anamusambitsa ndi madzi a phulusa atatseka mphuno ndi mpango, koma kwa masiku ambiri ngakhale ntchentche zinkamulambalala.

Nyengo ya mango, kunabwera azakhali, mlongo wawo wa abambo, kuchokera ku tauni ya Zomba. Anabwera ndi mwana wawo wokwawa, Tadala, wonenepa ngati dzungu. Azakhali ankaopa zinthu zambiri za kwathu: fumbi, madzi a pachitsime, nyerere, ngakhale mbuzi ya eni ikawayang'ana nthawi yaitali. M'mawa wina anayala mkeka pansi pa mango n'kumamudyetsa mwana phala. Gologolo wina watsoka anatsika mumtengomo kuti adzatole bango lakugwa. Chidule, amene ankaoneka ngati ali m'tulo, anadumpha mkeka, kudumphanso mwana, n'kumugwira gologoloyo pafupi ndi mapazi a azakhali. Atamupukusa, timagazi tinadonthera pachitenje chawo chatsopano. Ndiye posonyeza ulemu kwa mlendo, anamuika gologoloyo pamkeka pambali pa mbale ya phala, n'kukhala pansi kudikira kuyamikiridwa.

Kukuwa kumene anakuwa azakhali kunafika mpaka kumtsinje wa Domasi, moti amayi ena amene ankachapa anabwera akuthamanga, thovu lili m'manja.

"Achimwene, galu uyu walawa magazi," anatero azakhali madzulo abambo ataweruka. "Lero gologolo, mawa mwana wanga. Mumuphe, apo ayi ine ndinyamuka, ndipo pano sindidzapondaponso."

Amayi anayesa kunena kuti mphaka amapha mbewa tsiku ndi tsiku koma sanamvepo kuti wadya mwana wa munthu. Azakhali anangoti, "Alamu, musandiseke," n'kutembenukira kukhoma. Abambo anasowa pogwira. Mlongo wawo anali mmodzi yekhayo, koma nawonso galuyo ankamukonda mobisa, ankamuponyera mkute akaganiza kuti palibe akuwaona. Poti anali munthu wa muofesi, wokonda kuti chilichonse chiyende mwadongosolo, anagamula kuti Loweruka masana Chidule ayesedwe. Atsekeredwe m'khola lakale la mbuzi pamodzi ndi anapiye. Akagwira mmodzi, ndiye kuti sasiyanitsa za kutchire ndi za pakhomo, ndipo aperekedwa kwa bambo wina wa ku Liwonde amene ankafuna galu wolondera munda. Chaka chimenecho nkhuku zathu zonse zinali zitatha ndi chitopa, choncho ananditumiza ine kukabwereka anapiye kwa Abiti Saidi, mayi woyandikana nafe amene ankagulitsa zitumbuwa pamsewu ku Naisi.

Ndinayenda ndikulira njira yonse. Chidule ndinkamudziwa kuposa aliyense. Mwanapiye amathamanga ngati mbewa, amaliranso ngati mbewa. Ndinkaona kale galu wanga ali pachingwe, akukokedwa kupita kumsewu.

Abiti Saidi sankalola galu kuponda pabwalo pawo, ndipo Chidule ankaudziwa bwino tsache lawo. Komabe chiyambire iye kusaka kuseri kwa nkhokwe yawo, mbewa zinali zitachepa, ndipo iwo ankazindikira zimenezo. Anandimvetsera mpaka kumapeto akukanda ufa wa zitumbuwa, fungo la nthochi zakupsa lili ponseponse.

"Anapiye anga sapita kwa eni opanda mayi wawo," anatero. "Nkhuku za ana zilipo ziwiri. Sankha wekha."

Ina inali yoyera, yofatsa, yoti mwana aliyense ankainyamula. Inayo inali yakameta, khosi lopanda nthenga lofiira ngati tsabola, yodziwika mudzi wonse. Inalimbanapo ndi kabawi mpaka kabawiyo anasiya nthenga pabwalo, ndipo ine ndemwe inandithamangitsapo ndikupita kokatunga madzi. Misozi inauma nthawi yomweyo. Ndinaloza yakameta. Abiti Saidi anandiyang'ana, n'kubisa pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Kuti tiivundikire m'dengu inali nkhondo, ndipo ndinafika kunyumba mikono yonse ili mikwingwirima.

Loweruka masana ana a mudzi wonse anali atazungulira khola. Abambo anakhala pampando wawo wa ndalema, azakhali chapatali pang'ono, Tadala ali pamiyendo. Anamulowetsa Chidule, kenako ine ndinavundukula dengu n'kuthawira kunja. Anapiye anabalalika akulira. Chidule anauma gwa. Mwanapiye mmodzi anathamangira kungodya, ndipo galu uja anasuntha mwendo kuti amutsate.

Sanafike patali. Nkhuku ija inafufuma, mapiko n'kukwekwereza pansi, n'kumuulukira kumaso. Inamujompha pamphuno penipeni. Chidule analira mokweza ngati waponda moto, n'kuyamba kuzungulira khola, nkhuku ili pamsana, fumbi ndi manyi ouma a mbuzi zili kobo. Ana ankakuwa ngati ali ku mpira. Mwamwayi anapeza mpata pakati pa mitengo iwiri yofumbwa, anadzipanikiza pamenepo, n'kudutsa bwalo lonse liwiro la mtondo wadooka. Pa anthu onse amene analipo, anasankha kukabisala kuseri kwa miyendo ya azakhali, mutu n'kuulowetsa m'chitenje chawo, thupi lonse likunjenjemera.

Azakhali anauma osatha ngakhale kukuwa. Tadala ndi amene anawerama, n'kugwira khutu loimirira lija ndi manja onse awiri, n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Chidule anangotsinzina. Mwana atamusiya, galuyo anamunyambita tizala tomwe tinali ndi mango.

Azakhali anayesetsa kusunga nkhope yaukali, koma inawakanika. Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Chilombo ndimachiopa chija n'chimenechi?" anatero. Kenako anayang'ana mikono yanga yokalikakalika. "Koma mlandu uwu sunayende bwino. Wina wabweretsa msilikali m'malo mwa nkhuku." Ine ndinangoyang'ana phiri la Malosa ngati ndikuliona koyamba.

Abambo anagamula kuti Chidule alibe chidani ndi aliyense, kungoti miyendo yake imanyamuka mutu usanaganize. Anati akhala, koma mwana akakhala pamkeka, galu azikhala pachingwe. Azakhali anavomera, ndipo anakhala nafe mpaka mango anatha.

Mpaka lero ndimaganiza kuti mwanapiye uja akanakhala yekha, Chidule akanamugwira ndithu, ngati mmene anagwirira gologolo, popanda mkwiyo uliwonse. Agalu olusa ndawaonapo: ubweya umaimirira pamsana, mano amakhala pamtunda, amadzuma chapansipansi akuyang'ana munthu m'maso. Chidule posaka ankaoneka ngati mwana amene wapatsidwa mpira. Anakalamba pakhomo pathu osalumapo munthu, ngakhale abuluzi sanapume mpaka mano ake atatha. Nkhuku yakameta iliyonse akaiona, ankalambalala kudzera kumunda.

Masiku ano ndimakhala kufupi ndi Naisi, m'nyumba ya mpanda wa njerwa. Zitsamba zimene zinali m'mbali mwa mtsinje zinasanduka madimba ndi nyumba, ndipo gologolo ndimatha chaka osamuona. Ana anga ali ndi galu wawo, wa dzina lachizungu, wobayidwa katemera, wodya chakudya chogula m'sitolo. Kutchire sanapiteko chibadwire. Koma mphepo ikaulutsa jumbo yakuda kudutsa pamwamba pa mpanda, amaidumphira, kuigwira, n'kuipukusa mpaka itang'ambika zidutswazidutswa. Tsiku lina mwana wanga wamng'ono anathamangira kukhitchini ali ndi mantha kudzandifunsa ngati galuyo wayamba misala. Ndinamuuza kuti amusiye asangalale, chifukwa m'bwalo lathu lonse la simenti, nyama yokhayo imene yamutsalira ndi jumbo.